Luzi la Nankhoma ndi khomo la Gwirize

Ana inu, mukadzafunsa ena za mwambi umene ndikufuna kukuuzaniwu, adzati ndi wakale kuposa mbuzi ndi khola lake. Musadzalimbane nawo. Ine ndikukamba mmene timakambira kubanja kwathu, ndipo sindibisa, nkhaniyi ndimainyadira chifukwa mwini wake ndi wamtundu wanga.

Kutsidya kwa Linthipe kunali mmisiri wa matabwa dzina lake Kamtedza. Atamva kuti mphamvu zayamba kumuthera, anapalira mwana wake wamkazi, Nankhoma, kabati ya mlombwa. Sanakhomemo msomali ngakhale umodzi. Matabwa onse anawalowetsana ndi kuwamata, kotero kuti kuimasula kunali kuiswa. Pamsana pake anazokotapo dzina lake ndi mpeni. Mvula isanagwe chaka chimenecho mkuluyo anatisiya, ndipo kabatiyo ndiyo inatsala ngati nkhope yake m'nyumbamo.

Nankhoma anakwatiwa ndi Lunguzi, amene anakhala pachikamwini zaka zisanu osadandaula. Pambuyo pake Lunguzi anapempha chitengwa, ndiko kuti atenge mkazi wake akakhale kwawo kwa mwamuna. Ankhoswe anavomera, ndipo Lunguzi anayamba kumangitsa nyumba ya njerwa kumudzi kwa mayi ake, ulendo wapansi wa theka la tsiku.

"Bambo a Tiyese," anatero Nankhoma akupukuta kabatiyo, "kodi khomo la nyumba ija mwaliyeza? Kabati ya bambo angayi siimasuka."

"Usadere nkhawa, mayi a Tiyese. Ndiwauza amayi."

Anawauzadi. Amayiwo anauza womanga kuti kukubwera kabati, womangayo anayankha kuti makabati anawaona ambiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Aliyense anagona tulo tabwino poganiza kuti mnzake wasamala.

Womangayo anali Gwirize, mmisiri weniweni, koma wowonda ngati bango. Iye sankayenda ndi choyezera. Pofuna kusiya khomo ankaima pakati, n'kugwira m'chiuno, ndipo pamene zigongono zake zathera ndi pamene ankayambira njerwa. Nyumba zonse za m'mudzimo zinali ndi makomo a thupi la Gwirize, ndipo anthu onenepa ankalowa chammbali osadziwa wowalakwira.

Patapita masabata awiri Nankhoma anafunsanso. Mwamuna wake anayankha akutafuna chinangwa.

"Ikakana kulowa tidzaicheka pang'ono kumsanaku. Ndani amaona kumsana kwa kabati?"

Mawu amenewo anamulasa Nankhoma mumtima, chifukwa kumsanako ndi kumene kunali dzina la bambo ake. Sanakangane naye. Anasenda luzi, analiyala kuchokera kumaso kwa kabati kukafika kumsana, anaonjezapo zala ziwiri, n'kumanga mfundo. Ankadziwa kuti kabati imalowa chammbali, ndiye muyeso umenewo ndiwo unali wofunika. Kutacha anabereka Tiyese, luzi lili m'chiuno, n'kuuyamba ulendo.

Tsono mvetsani kulimba mtima kwake. Kumeneko mkazi wa chitengwa sankaponda pamalo a nyumba yake ankhoswe asanamuperekeze. Wotero ankamunena kuti ndi wosalangizidwa, wothamangira za eni. Nankhoma zonsezo ankazidziwa, ndipo mantha anali nawo ndithu. Atafika anapita kaye kwa apongozi ake, n'kugwada patali.

"Mwabwera ndi yani, mayi?" anafunsa apongoziwo, maso ali kunjira.

"Ndabwera ndekha, amayi. Ndikudziwa kuti ndalakwa. Mundilole ndingoyeza khomo, ndibwerera lero lomwe."

"Za khomo tinanena kale. Kodi mawu athu sakukwana?"

"Mawu anafika, amayi. Muyeso ndi umene unatsala kwathu."

Apongoziwo analoza ndi mlomo kumene kunali nyumbayo. Khoma linali litafika m'chifuwa, felemu isanapalidwe. Nankhoma anagwiritsa nsonga ya luzi kumbali imodzi ya khomo n'kulikoka. Mfundo ija inapitirira njerwa ndi chikhatho chathunthu.

"A Gwirize, khomoli lachepa."

Gwirize anaseka ali pamwamba pa mulu wa dothi. "Mayi, ine ndamanga nyumba makumi atatu. Palibe anagona panja."

"Anthuwo amapinda thupi, bambo. Kabati siipinda."

"Ine chomanga kale sindigumula."

"Chabwino, musagumule ndinu."

Anatsitsa mwana pamthunzi, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba kuchotsa njerwa za m'mbali mwa khomo imodziimodzi, kuyambira pamwamba. Dothi lake linali lisanaume kwenikweni. Amayi obwera kumadzi anaima ndi ndowa pamutu, kunong'onezana kuti mtengwa wa Lunguzi wapenga, akuphwasula nyumba asanagonemo. Iye anamva zonse, misozi ili chilengelenge, koma manja sanaime. Atafika pansi anadula bango lofanana ndi luzi lija, analipingasa pakhomo, n'kupita kukaponda dothi.

Gwirize anayang'ana njerwa zija, zitasanjidwa bwino popanda yosweka. Anatsika mwakachetechete n'kutenga chipande chake chomangira.

"Ndinu mwana wa yani, mayi?"

"Wa a Kamtedza, a matabwa aja."

"Ndaona. Bweretsani dothilo."

Nankhoma atabwerera kwawo anapeza mwamuna wake atatupa ndi manyazi. Ankhoswe anachita kukapepesa ndi nkhuku kwa apongozi, ndipo kwa mwezi wathunthu dzina lake linali pakamwa pa midzi iwiri.

Tsiku la chitengwa linafika. Ngolo inaima pabwalo, kabati itakulungidwa m'mphasa, mudzi wonse utasonkhana. Ambiri anabwera kudzaona ngati misala ija inali ndi phindu. Amuna anayi anainyamula, anaitembenuza chammbali, n'kuilozetsa pakhomo. Inalowa pang'onopang'ono, kusiya mpata wa chala chimodzi uku ndi chimodzi uko, osakhudza felemu ngakhale pang'ono. Gwirize anapita kukaima pakhomopo, n'kugwira m'chiuno monga mwa chizolowezi chake. Chigongono chimodzi chinatsala m'malere, ndipo anthu onse anaona pamene khomo lakale likanathera.

Lunguzi anazungulira kumsana kwa kabatiyo asanaikankhire kukhoma. Anaona dzina la apongozi ake, pamalo pomwe iye ankafuna kudutsitsa sowo, ndipo anaweramitsa mutu.

Apo mayi ake anaimirira, anagwira dzanja la Nankhoma pamaso pa anthu onse, nati: "Uthengawu unandipeza ine, unapeza mwana wangayu, unapezanso a Gwirize. Tonse tinaumva ndi makutu okha, chifukwa sunkatipweteka. M'nyumba mukagona anthu ambiri, sadzutsana kuti wina akatsekulire mnzake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lowani m'nyumba mwanu, mwana wanga."

Kuyambira pamenepo, timatero kwathu, mawuwo anayenda mudzi ndi mudzi: "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Tanthauzo lake ndi lakuti amene vuto likumuwawa ndiye ayenera kudzuka n'kuchitapo kanthu. Anzako angakukonde, angalonjeze ndi mtima wonse, koma chako sachimva kuwawa monga ukuchimvera iwe. Ukatuma mawu okha, amafika atazirala.

Kabatiyo ikadalipo kwathu, yadutsa makomo a nyumba zitatu. Luzi lija limakhala m'dirowa yam'munsi, ndipo palibe wa banja lathu amene amakweza katundu pangolo lisanapite kaye kukaona khomo.