Zuze ndi Namondwe Wamng'ono

Panali munthu wina kuchigwa cha Shire, dzina lake Zuze, mmisiri wokhoma madenga. Mudzi wake unali m'mphepete mwa mtsinje wotsika kumapiri, umene m'chilimwe ana ankauwoloka madzi osafika m'mawondo. Anali ndi mkazi wake, Malita, ndi mwana mmodzi yekha, Rozina, amene anabadwa iwo atataya kale mtima. Malita ankayenda motsimphina, chifukwa mwendo wake wamanzere unalumala ali mwana.

Chaka china kunabwera namondwe wamkulu. Mudzi wonse unathawira kumtunda, kusukulu. Mphepo inazula mitengo ya mango, inasasula malata a tchalitchi n'kukawaponya m'minda. Anthu atabwerera, anapeza nyumba zambiri zili pululu, zopanda denga. Koma ya Zuze inali chilili. Palibe lata limene linasuntha.

Chitseko chokha ndicho chinali chothyoka. Akuba anali atalowa, natenga macheka, hamala ndi zida zake zonse. M'khola munalibe mbuzi ndi imodzi yomwe.

Zuze anasunga zinthu ziwiri mumtima. Choyamba, kuti denga lake mphepo siingalithe. Chachiwiri, kuti nyumba yosiyidwa yokha ndi phwando la akuba. Anayambanso pang'onopang'ono, kubwereka zida kwa anzake mpaka anapeza zake. Ntchito inamuchulukira, pakuti aliyense ankafuna denga longa lake.

Patapita zaka zingapo, wailesi inalengeza kuti namondwe wina wachoka kunyanja yamchere, walowa ku Mozambique, ndipo akubwera. Inati ameneyu wafooka atafika pamtunda, mphepo yake ndi yochepa, koma wasenza mvula yambiri. Zuze anamva mawu oyambawo, nagwedeza mutu. Otsirizawo anangomudutsa.

M'mawa mwake a komiti yoona za ngozi anayenda m'mudzi ndi chimkuzamawu, kuuza anthu kuti asamukire kumtunda. Ena anamanga katundu. Ena anayang'ana kumwamba, naona kuti masamba a mitengo akungogwedezeka pang'ono, nabwerera m'nyumba. Mnansi wa Zuze, a Fombe, anamanga ng'ombe zawo pangolo, nakweza banja lawo, naima pamsewu.

Malita anali atamanga kale kamtolo ka zovala ndi ufa. Anapeza mwamuna wake pakhonde akunola macheka.

"Bambo a Rozina, a Fombe akuti malo alipo pangolo."

"Mayi a Rozina, mwamva nokha pa wailesi. N'kamphepo chabe. Wamkulu uja anatilephera, ndiye tithawe kamwana kake?"

"Ine mphepo sindikuiopa. Koma madzi akabwera, ndi mwendo wangawu sindingathamange."

"Akabwera ndidzakuberekani," anatero Zuze, akumwetulira. "Zida izi sindizisiyiranso akuba."

Malita akanatha kukwera yekha, koma chikwatirane anali asanagonepo kosiyana ndi mwamuna wake, ndipo anaganiza kuti akapita, munthuyu adya chiyani. Anamasula mtolo uja, nachotsamo zovala zake, naumanganso.

"Basi, mwana yekhayu apite."

Zuze sanakane. Ananyamula Rozina n'kumukweza pangolo. A Fombe anamuyang'ana, nati, "Achimwene, ngolo iyi sibweranso kawiri. Ng'ombe sizingawoloke dambo likadzaza."

"Pitani bwino. Mkucha mutipeza tili pompano."

Ngolo inapita.

Tsiku limenelo kunangowaza. Tsiku lotsatira mvula inagwa ya mvumbi, yosalekeza koma yopanda ukali. Kamphepo kankawomba n'kuleka. Zuze ankatuluka, kuyang'ana denga lake, n'kulowanso mtima uli m'malo. Kumapiri kokha ndiko kunali mdima. Mitambo inakhala pamenepo osasuntha, yakuda bii, ngati yafika kwawo. Namondwe wamkulu uja anadutsa mothamanga. Uyu analibe mphamvu zothamangira, choncho anakhala pansi pamapiri, natula madzi ake onse pamenepo.

Masana a tsiku lachitatu, Malita akusadzula nkhwani pakhonde, anamva mkokomo ngati wa galimoto yaikulu ikubwera patali. Koma msewu unali mbali ina. Anaitana mwamuna wake. Zuze anathamangira kukayang'ana kumtsinje, ndipo madzi anali asanasefukire. Atacheuka, anawaona akubwera kumbuyo kwa nyumba, kudzera m'minda ya mapira, m'khwawa lakale limene anthu analikwirira n'kumalimamo. Anali ofiira, atasenza zipika ndi mapesi.

Analowa m'nyumba, nakwera patebulo. Madzi anakwera nawo. Zuze anagwira khoma, namva likufewa m'dzanja lake. Njerwa zinali zootcha, koma anazimanga ndi dothi, ndipo dothilo linali likusungunuka kuyambira pansi. Anayang'ana kumwamba, naona mitengo yolemera imene anaikhoma yekha. Anadziwa kuti makoma akagonja, dengalo liwagwera lonse lathunthu.

"Kwerani kumsana," anatero.

Malita anakwera, namugwira m'khosi. Anatuluka. Chapafupi panali mtengo waukulu wa bwemba, mtunda woti munthu angaponye mwala n'kufika. Madzi anali m'chiuno, kenaka m'chifuwa. Zuze ankaponda mofufuza, phazi limodzi, kenaka linzake. Malita sanalire ndipo sanamudzudzule. Anangoti chapansipansi, pafupi ndi khutu lake, "Koma mwana tinachita bwino."

Atatsala pang'ono kufika, chipika chinawagunda cham'mbali. Onse anamira. Zuze anavuuka, dzanja lake litakola nthambi ya bwemba. Kumsana kunali kopepuka.

Anaitana dzina la mkazi wake mpaka mawu anatha. Anakhala mumtengomo kufikira tsiku lotsatira, pamene asodzi amene ankapulumutsa anthu ndi bwato anamupeza. Sanafune kutsika. Anachita kumumasula zala panthambi.

Anamufikitsa kusukulu kuja. Anthu anali thithithi m'makalasi ndi pakhonde. Rozina anamuona patali, nathamanga. Atafika pafupi anaima, nayang'ana kumbuyo kwa bambo ake, kunjira yochokera kudooko.

"Ababa, amayi akubwera pa bwato linalo?"

Zuze anakhala pansi m'matope momwemo. Akazi a Fombe ndiwo anabwera, natenga mwanayo, nalowa naye m'kalasi.

Malita anapezeka madzi ataphwera, m'bango, kutali ndi mudzi. Anamuika kumtunda, pakati pa manda a anthu a kumeneko, chifukwa manda a kwawo anali atakwiririka ndi mchenga. Mphepo ya namondwe ameneyo siinasasule nyumba ndi imodzi yomwe m'mudzimo. Koma maliro anachuluka kuposa a chaka cha namondwe wamkulu, pakuti nthawi ija anthu onse anathawa, pamene nthawi iyi ambiri anatsala.

Tsono inu amene mwakhala pano, mvula yayandikiranso. Musaganize kuti Zuze anali chitsiru. Mphepo ankaidziwa kuposa tonsefe, akuba aja anali enieni, ndipo mkazi wake ankamukonda. Cholakwa chake chinali chimodzi: anayesa tsoka latsopano ndi muyeso wa tsoka lakale. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba, ndipo iye anati ng'omayo ndi yaing'ono.

Mukadzamva kuti namondwe wafooka, musafulumire kumasula mitolo. Funsani kuti madzi amene wasenzawo akawatula kuti. Mukasamuka n'kubwerera madzi osafika, anthu adzakusekani, koma adzakusekani muli onse. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli wolumala, wokalamba, woyembekezera kapena wodwala, musayese ulendo ndi miyendo yanu. Nyamukani pa nthawi imene iye angathe kuyenda pouma.