Kanyumba ka Pageti la Lodi

Zaka zisanu ndi chimodzi Joanna ankakwera mabasi awiri kuchokera ku Braunstone kukasamalira Lodi wina wokalamba, mfumu yachizungu yokhala ndi malo aakulu, kumidzi ya kuseri kwa Loughborough. Chinyumba chake chinali cha zipinda makumi anayi, koma mwiniwakeyo ankangobindikira m'chimodzi, Joanna akumusambitsa, kumudyetsa ndi kumusintha matewera. Ulodi suletsa munthu kukodza pogona.

Tsiku lina nkhalambayo inaloza pawindo kanyumba kamiyala ka pageti. "Ako n'kako, Joanna, mpaka tsiku la imfa yako." Inanena izi pamaso pa mwana wake wamkazi, Charlotte. Kwa Joanna nkhani inathera pomwepo, poti kwathu mwini malo akalankhula pali mboni, malowo wapatsidwa basi.

Mng'ono wake Atuweni, namwino wa ku Wigston, sanakondwe nazo.

"Achemwali, musabweze nyumba ya khansolo. Asayina pepala azunguwo?"

"Munthu wamkulu ngati uja ndikamupemphe pepala? Iwe nsanje ikupha."

Joanna anabweza kukhansolo makiyi a nyumba ya lendi imene anaidikira pamzere zaka zisanu ndi ziwiri, n'kusamukira pageti.

Lodi anamwalira chisanu chili pakati. Maliro atatha m'pamene Joanna anamva mwambo wa banjalo, woti dzina ndi malo zimatsata mwana wamwamuna yekha. Poti Lodi analibe mwana wamwamuna, kunatulukira Jeremy, mwana wa msuweni wa malemu, amene sanabwerepo n'kamodzi komwe kudzazonda matenda. Ndiye anali Lodi watsopano.

"Malemu analibe mphamvu yogawa kanyumbako," anatero Jeremy, mwaulemu wozizira. "Ankangosungira wobwera pambuyo pawo. Tikufuna kuti m'kanyumbamo muzigona alendo odzaona malo. Tikupatsani milungu inayi."

Joanna anathamangira kwa mboni yake. Anapeza Charlotte akulongedza mabuku m'makatoni.

"Ndinamvadi, Joanna. Koma inenso, wobadwira muno, ndikutuluka."

Kukhansolo anamuuza Joanna kuti nyumba anaisiya mwa kufuna kwake, choncho akayambirenso kumchira kwa mzere. Zimawawa kunena: mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, amene anatseka maso a Lodi ndi manja ake, lero amagona pasofa kwa mng'ono wake uja anamunena wansanje. Atuweni samukumbutsa, amangomuyalira.

Akuluakulu sananame: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.