Madzi Amene Melikoni Sanathiridwe

Kalekale makolo a Aameniya ankakhala m'zigwa za patsinde pa phiri la Ararati, lija Baibulo limati chingalawa cha Nowa chinaimapo, ndipo ankalima mphesa ndi tirigu ndi kusema mitanda pamiyala. Tsoka lawo linali malo, pakuti dziko lawo linali pakati pa maufumu akuluakulu, ndipo njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Chaka china mfumu ya kum'mawa inawasamutsa mokakamiza, niwaolotsa mtsinje ndi kukawakhazika kunja kwa likulu lake. Ambiri mwa amene anachoka tsiku limenelo sanalionenso phiri lawo.

Mbiri iyi ndinaimva kwa a Garabedi, mkulu wa mtundu umenewu amene ankakonza mawotchi ku Limbe, munthu wa mawu ochepa pa china chilichonse kupatula nkhani za makolo ake. Iwo ankati ndi mbadwa ya Melikoni, mwana wa Torosi, mdzukulu wa Avaki amene anaoloka mtsinje uja ali kumsana kwa amake.

Kudziko lachilendoko Aameniya anayamba malonda a silika, nayenda ndi ngamila mpaka kumadoko opita ku Ulaya, ndipo m'njiramo anaphunzira zilankhulo zambiri. Popeza anali Akhristu ngati azungu koma okhala pansi pa mfumu ya kum'mawa, mbali zonse ziwiri zinkawagwiritsa ntchito ngati ankhoswe. Aliyense amene anakhalapo nkhoswe akudziwa kuti ukwati ukamakoma sakutchula, koma ukavuta woyamba kuitanidwa ndi iweyo.

Anthuwa anali ndi mwambo umene ankausunga koposa chuma chawo. Munthu akamanyamuka ulendo, wotsala pakhomo ankatunga madzi mumtsuko ndi kuwakhuthula pansi kumbuyo kwake, kuti ayende mosavuta ngati madzi ndipo adzabwerenso.

Tsono mfumu ina ya ku Ulaya inatumiza kazembe wake kudzapangana ndi mfumu ya kum'mawa za njira ya malonda ndi mtendere wa m'malire. Kazembeyo anafikira kunyumba ya Melikoni, amene ankamasulira zokambirana zonse, ndipo patapita miyezi pangano linatheka. Tsiku lotsanzikana, Nazeli, mkazi wa Melikoni, amene anaphikira mlendoyo nthawi yonseyi ngati mlongo wake, anathamanga ndi mtsuko nakhuthula madzi kumbuyo kwa kavalo, mpaka timatope tinagwera pachovala cha kazembe. Kwawo kwa kazembeyo madzi otayira kumbuyo kwa munthu anali otsukira mbale, motero iye anaganiza kuti akutsuka litsiro la mapazi ake pakhomopo. Sanafunse, poti anthu a ulemu wochuluka kufunsa amakuyesa kutsika. Atafika kudoko anatumiza uthenga woti pangano latha.

Mfumu ya kum'mawa inaitanitsa Melikoni niti, "Pangano langa latayika pakhomo pako, ndiye ukalitole kumene lapitako. Likapanda kubwera nyengo yokolola isanafike, anthu ako onse ndiwapirikitsira kuchipululu."

Akuluakulu a Aameniya anasonkhana m'tchalitchi. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma tsiku limenelo mantha ndi amene anawazimitsa nzeru. Anagamula kuti Melikoni ponyamuka pasapezeke wothira madzi, kuopa kuti amalonda achizungu amene anali mumzindamo angaone n'kukawonjezera nkhani. M'mawa wa ulendowo Nazeli anatuluka ndi mtsuko wodzaza, koma Torosi, apongozi ake, anaima kutsogolo kwake.

"Tula pansi mtsukowo, mwanangu," anatero mkuluyo. "Madzi ako atilakwira kokwanira."

"Nanga bambo, abwerera bwanji?" anafunsa Nazeli.

Melikoni sanafune kutsutsa atate ake pamaso pa anthu, motero anakwera kavalo nachoka pansi pali pouma.

Anadutsa mapiri ndi nyanja mpaka anafika kunyumba ya mfumu ya ku Ulaya, ndipo kumeneko anamuchedwetsa pakhomo masiku ambiri asanamulole kulankhula. Atalowa, anayamba walumbira pamtanda kuti sanena bodza ngakhale limodzi. Kenaka anafotokoza, kazembe uja akumva, kuti iwo ndi anthu amene anachotsedwa kwawo osabwererako, n'chifukwa chake amathira madzi kumbuyo kwa munthu amene akufuna kudzamuonanso, ndipo amene sakumufuna amangomusiya apite pouma. Kazembe anazyolika ndi manyazi. Mfumu inakhudzidwa, nivomera kuti pangano libwerere, koma masiku amenewo pangano lotere linkafuna munthu wotsala ngati chikole.

Mfumuyo inayang'ana Melikoni nimufunsa kuti, "Nanga iwe, pochoka kwanu anakuthirira madzi?"

Apa ndi pamene a Garabedi ankaleka kugwira wotchi akamasimba. Melikoni akanatha kunama, koma amalonda aja anaona mmene anachokera, ndipo bodza limodzi likanagwetsa zonse zimene ananena. Akanati afotokoze kuti anamumana madzi poopa azungu, kukanakhala kuvomera kuti madziwo analidi ndi mlandu. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

"Ayi, mfumu," anayankha. "Ine ndinachoka pouma."

"Ndiye kuti kwanu sakukudikira," inatero mfumu. "Chikole chikhala iweyo."

Pangano linafika kum'mawa tirigu asanamwetedwe, ndipo palibe Mwameniya ngakhale mmodzi amene anapirikitsidwira kuchipululu. Anthu anavina m'misewu, koma anyamata amene anaperekeza Melikoni paulendowo atabwereza mawu a mfumu ya ku Ulaya pakhomo pa Melikoni, Nazeli sanalire mokweza. Analowa m'nyumba, natenga mtsuko uja, nakhuthula madzi pamalo pamene kavalo wa mwamuna wake anaima. Anachita zimenezi m'mawa uliwonse moyo wake wonse, ndipo akuluakulu aja podutsa ankayang'ana kumbali. Akuti Torosi atakalamba ndiye ankamutungira madziwo. Ine ndikaganiza za mkulu ameneyu mkwiyo umandithera, chimanditsalira ndi chisoni.

Melikoni anamwalira ku Ulaya komweko imvi zili mbuu. Nazeli naye atamwalira, m'mawa woyamba umene panalibe wothira madzi, anthu anapeza pakhomo paja pali ponyowa. Panatumphuka kasupe, ndipo sanaphwepo ngakhale m'zaka za chilala.

Mwana wawo Zakari anapita kukafuna manda a atate ake nakhazikika komweko, ndipo kwa iye kunachokera mabanja amene anabalalikira m'mizinda ya ku Ulaya, ena ku Iguputo, ena ku Itiyopiya, mpaka mmodzi anadzafika ku Limbe. A Garabedi ankati kasupe uja akadalipo, ngakhale iwo sanamuonepo. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi ichi. Tsiku limene mwana wawo wamkazi ankapita kunja kukaphunzira, mkuluyo anatuluka ndi makapu awiri a madzi. Yoyamba anakhuthula kumbuyo kwa galimoto. Galimoto itakhota, anakhuthula yachiwiri pageti popanda munthu, ndipo ine ndinafunsa kuti amenewo ndi a yani.

"Oyamba aja ndi a mwana wanga," anatero a Garabedi. "Awa ndi a Melikoni, adziwe kuti kwawo akumudikira."