Khoma Losauma

Kunali mayi wina, wogulitsa nsalu m'sitolo ya eni, amene manja ake ankayabwa akangoona penti. Ali mtsikana anaphunzira kwa a Kalipinde, mmisiri wolemba zikwangwani, munthu wolusa koma wodziwa ntchito. Zaka zitatu anangokhalira kutsuka maburashi ndi kupala matabwa, kenaka ndiye anamulola kujambula. Atakula ankajambula Loweruka masana basi, mtima uli pa tsiku limene adzasiye kauntala.

Tsikulo linaoneka ngati lafika. Akuluakulu a mpingo wina anamuitana kuti ajambule Mbusa Wabwino m'tchalitchi chawo chatsopano. Khoma lalikulu, loonedwa ndi anthu mazana! Ikanatheka imeneyi, ntchito zina zikanabwera zokha.

Pofuna kuyesa chinyezi, mayi uja anamata kapepala kapulasitiki pakhomapo n'kupita. M'mawa mwake anapeza kunsi kwake kuli thukuta.

"Pulasitalayu sanaume, bambo," anauza wapampando wa akuluakuluwo. "Tidikire milungu inayi."

"Milungu inayi? Tikutsegulira Lamlungu likudzali, mayi! Ngati simungathe, nenani."

Abale anga, ndisakunamizeni, mayiyo anabwerera akulira. Ntchito ija akuluakuluwo anaipereka kwa wina wa manja othamanga, ndipo Lamlungu anthu anaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Lolemba mayi uja anali pakauntala kuyeza zitenje, anzake akumuseka kuti wataya bomwetamweta.

Koma chinyezi sichinyengeka. Mwezi usanathe, penti anatuluka matuza. Nkhosa zinasupuka imodziimodzi, Mbusa n'kutsala ndi diso limodzi, mpaka ana kumaopa kuyang'ana kutsogolo. Akuluakulu aja anafika kusitolo zipewa zili m'manja.

Iye sanawanyogodole. Anapala zonse, anadikira, ndipo khoma litauma gwa, anajambula. Oona chithunzicho anayamba kufunsa dzina lake, ndipo chaka chomwecho anatsanzika kusitolo. Lero burashi ndiyo ikumudyetsa, iye ndi ana ake.

Tsono inu amene mwapemphera mpaka mawu kusasa, mukuti Mulungu wakuiwalani, tamverani. Sanakuiwaleni ayi! Mmisiri ameneyu akudziwa pamene mukadali ponyowa: mkwiyo uja, bala lija simunauze munthu. Akathamangira kukupakani ulemerero lero, mawa usupuka anthu akuona. Mulekeni adikire. Chimene adzajambule pa inu mutauma, ngakhale mvula yamatalala sidzachichotsa.