Thanga la Zaka Zisanu

Panali munthu wina ndi mng'ono wake, onse awiri okonda kusewera ndi mphepo panyanja. Masewero ake ndi aja oimirira pa thabwa loyandama, manja atagwira thanga lomangirira ku mlongoti, mphepo n'kumakuthamangitsa pamwamba pa madzi. Anaphunzira ndi zida zobwereka, koma ankalakalaka zawozawo.

Chaka china mayi wina, mwini loji ya m'deralo, analengeza kuti akufuna munthu mmodzi wophunzitsa alendo ake masewerowa. Anati mphepo ya mwera ikadzangoyamba kudzakhala mpikisano, aliyense ndi thanga lake. Amene adzazungulire thanthwe la pakati pa madzi n'kuyamba kufika pamchenga, ntchito ndi yake. Wamkulu uja anaifuna ntchitoyi ndi mtima wonse, pakuti maganyu anali atamufika m'khosi. Ndipo tisamunamizire, pa awiriwo waluso anali iyeyo.

Kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, abalewo anapita kutauni kukagula matanga. Wasitolo anawayalira awiri. Lina linali lopepuka, lonyezimira, lofiira ndi lachikasu, ndipo galanti yake, pepala lolonjeza kuti likawonongeka adzakupatsa lina, inali ya zaka zisanu. Linalo linali lolemera, lotuwa, losokedwa kawiri m'misoko, galanti yake chaka chimodzi basi.

Wasitoloyo anali munthu woona. Anati, "Loyambali ndi laliwiro, lachiwirili ndi lopirira. Koma onse awiri adani awo ndi omwewo, dzuwa ndi mchenga."

Wamkulu sanamve zimenezo. M'makutu mwake munali mutalowa kale zaka zisanu, ndipo malo a mawu ena munalibe. Anatenga lonyezimira. Wamng'ono sanafunse za pepala. Anakoka msoko uliwonse ndi zala, analiyang'anira kowala, n'kutenga lotuwa lija.

Atafika kwawo, wamkulu anasamala galanti yake koposa mmene ena amasamalira ana. Anaikutira m'pulasitiki, n'kuiika pansi pa sutikesi pomwe pankakhala jekete la kutchalitchi. Lamulungu lililonse ankaitulutsa kuona ngati chiswe sichinaipeze. Koma thanga lenilenilo, akachoka nalo pamadzi, ankangolisiya chitambasukire pamchenga, dzuwa lili pamutu, kuti odutsa aone mitundu yake.

Wamng'ono analibe choonetsa. Tsiku ndi tsiku ankatsuka thanga lake kuchotsa mchenga, kuliyanika pamthunzi wa mtengo wa mango, kenaka n'kulikulunga bwinobwino. Ulusi ukasomphoka, tsiku lomwelo singano inali m'manja.

Tsiku lina anati, "Achimwene, thanga lanu likupsatu ndi dzuwa."

Wamkulu anaseka. "Iwe mphwanga, wovutika ndiwe wa chaka chimodzi. Langali n'lolembedwa. Likang'ambika andipatsa lina."

Mwera unafika mu Meyi, ndipo unafika ndi ukali wake wonse. M'mawa wa mpikisano anthu anadzaza pamchenga. Mayi uja atangoimba wezulo, wamkulu anatsogola. Anauluka ndithu. Mtima wake unadzaza chimwemwe, ndipo ankadziona kale atavala yunifolomu ya paloji. Anazungulira thanthwe, anzake onse ali kutali m'mbuyo.

Pomwepo mphepo inawomba kamodzi mwamphamvu. Thanga lomwe linakhala likuwotcheka miyezi yonse ija linangoti kwee, kuyambira kumwamba mpaka pansi. Mwini wake anagwera m'madzi chagada. Atakwereranso pa thabwa, anakhala pansi, nsanza zofiira ndi zachikasu zikumukupizira m'mutu. Thanga lotuwa linamudutsa mosafulumira, monga mwa khalidwe lake, n'kukafika pamchenga loyamba.

Amene anamutola anali asodzi ochokera kokawonjola. Nkhani ya galanti ankaidziwa, chifukwa panalibe munthu m'mudzimo amene sanaonetsedwe pepalalo. Mmodzi wa iwo anafunsa akupalasa, "Akulu, bwanji simunaionetse mphepoyi pepala lija? Kapena mwera sudziwa kuwerenga?"

Bwato lonse linafa ndi phwete. Wamkulu anachita manyazi kwambiri, koma mumtima anali akadali ndi podalira. M'mawa mwake anavala jekete lija, galanti m'thumba, ulendo wa kutauni. Njira yonse ankakonza mawu okakanganira.

Mkangano sunachitike. Wasitolo anawerenga pepala, n'kugwedeza mutu. Anati, "Bambo, kunena mwachilungamo thangali mwalipha nokha ndi dzuwa. Komabe ndinalonjeza, ndikupatsani lina. Liyenera kuchokera kunja, lifika mu Seputembala."

"Seputembala? Nanga mwera udzakhala utatha!"

"Mwerawo sunalembedwe apa, bambo."

"Nanga ntchito ija?"

Wasitolo anatembenuza pepala, nayang'ana kuseri kwake ngati kuti mwina ntchitoyo ili kumeneko. Kunalibe.

Apo m'pamene wamkulu anamvetsa. Palibe amene anamunamiza. Pepala linachita zonse zimene linalonjeza. Linabweza thanga, koma tsiku lija silinabwere nalo. Madzi akatayika saoleka.

Thanga latsopano linafikadi mu Seputembala, lonyezimira ngati loyamba. Nthawi imeneyo mng'ono wake anali atazolowera kale yunifolomu. Koma magazi ndi magazi. Mng'onoyo anapempha mayi uja kuti paloji pakhale munthu wosamala matanga, ndipo anati akudziwa wina amene phunzirolo analiphunzira mozama. Mpaka lero, mlendo akangosiya thanga padzuwa, amene amathamanga akukuwa kuti lipite pamthunzi ndi wamkulu uja.

Tsono inu ana anga awiri, amene mwangosayina kumene setifiketi ya ukwati m'mawa uno, fanizoli ndi lanu. Pepalalo ndi labwino, ndipo galanti yake iposa zaka zisanu, pakuti ndi ya moyo wonse. Kalisungeni musutikesi. Koma mwera ukadzabwera, ndipo udzabwera, sudzafunsa za sutikesi. Udzakoka msoko uliwonse kuona ngati munkasoka ulusi tsiku lomwe unasomphoka. Musasiye mnzanu padzuwa podalira kuti zinalembedwa.