Chingwe cha Mudzatopa

Nyumba imene Ireen ankachita lendi pa boma la Chikwawa inali ya pamdadada, tizipinda tiwiri toti munthu ukadziwongola dzanja limagunda khoma. M'menemo ndi momwe anafikira bambo ake, a Geresomo, madzi atasesa mudzi wawo ku Mlolo. Anabwera ndi kathumba ka zovala ndi chigalu chofiirira chachikulu ngati thole, dzina lake Mudzatopa.

Galuyo anamulera ndi malemu akazi awo, kuyambira ali kamwana konyambita phala m'chikhatho. Ku Mlolo sanamangidwepo chingwe. M'mamawa ankatsogola yekha kupita kudooko n'kudumphira m'bwato mwini wake asanafike. Masana ankalondera nsomba za makakana zoyanika pathandala, khwangwala osayerekeza kutera. Dzuwa likakwiya, ankakadziviika m'dambo mpaka kutsala mphuno yokha. Bwatolo linapita, maukonde anapita, ngakhale manda a mayiwo anakwiririka ndi mchenga. Chamoyo chimene chinatsala cha masiku amenewo chinali galuyu basi, ndipo a Geresomo ankamukonda mosabisa.

Mwini nyumba sanavute. Anangoti galu asamayende yekha pabwalo, poti panali ana ndi nkhuku za anthu. Ireen anagula chingwe chabuluu kumsika.

"Baba, galu wamkulu chonchi sakhala m'chipinda ngati mphaka," anatero. "Muzimutsitsira ku Shire m'mawa ndi madzulo, athamangeko, asambe. Ndikanapita naye ndine, koma ntchito ndimaweruka kutada."

A Geresomo anayesa kamodzi. Mudzatopa atanunkhiza mtsinje anayamba kukoka, madalawo n'kumadzandira pambuyo. Podutsa pamtengo pomwe a kabaza amadikirira anthu, wina anakuwa: "Madala, kodi akuyendetsa mnzake ndani pamenepo?" Gulu lonse linafa nacho chiseko.

Kwawoko chingwe n'cha mbuzi. Mwamuna amene anapalasa bwato pakati pa mvuu zaka zonsezo, lero azikokedwa ndi galu pamsewu, ana n'kumamuloza? Anabwerera pomwepo, mtsinje osauona, nakoleka chingwecho pamsomali kuseri kwa chitseko.

"Nkhabe, mwananga," anatero a Geresomo, Ireen atawafunsa. "Ine sindine choseketsa anthu a pa boma."

"Aseka lero, mawa aiwala, baba."

"Iwo aiwala, ine sindiiwala."

Kuyambira pamenepo dziko la Mudzatopa linali simenti ya pabalaza ndi kampata ka kuseri kwa bafa, komwe ankamutulutsira mobisa kuti akadzithandize. Za chakudya musawanene a Geresomo: ankamugulira mitu ya mlamba, ankamugawira mkute wawo, ankamuchotsa nkhupakupa imodziimodzi uku akumusimbira za kwawo. Ankamukumbutsa za chaka chimene nsomba zinachuluka mpaka kusowa pozianika, ndi za mayi aja akubwera kudambo ndi dengu la nyika, timizu todyedwa ta m'madzi tija, pamutu, akuimba nyimbo za kwaya. Galuyo ankamvetsera, mutu uli pamapazi awo. Koma nkhani sizilowa m'malo mwa miyendo. Anayamba kukanda chitseko mpaka zikhadabo kutuluka magazi, kenako anasiya. Anasiyanso kuuwa. Thupi linalemera, mpweya n'kumavuta.

Ireen ananena mpaka pakamwa kuuma. A Hilario, oyandikana nawo khomo, anadzipereka kuti aziyenda limodzi, poti awiri sasekedwa ngati mmodzi. A Geresomo anathokoza bwinobwino, "Takhuta, tiona mawa," ndipo mawa lakelo linangokhala mawa.

Kenako unafika mwezi wa Okutobala. Amene anakhalako ku Chikwawa amadziwa kuti mwezi umenewu malata amasanduka chiwaya. Lamlungu lina ku tchalitchi kunali ubatizo, mapemphero n'kutalika. A Geresomo anali atatseka chitseko ndi zenera lomwe, kuopa kuti galu angamveke akulira anthu n'kuyamba kunena. Pobwerera anamupeza atagona kukhomo, lilime lili panja, mbale ya madzi itagubuduka. Anamuthira madzi, anamukupiza ndi chipewa, anamuitana ndi mluzu uja wa kudooko. Mudzatopa anagwedeza mchira kamodzi, osadzukanso.

Pabwalo la lendi palibe pokumba dzenje. A Geresomo anabwereka wilibala kwa a Hilario, namufunditsa galuyo chiguduli, nalunjika kumtsinje. Njira inali yomwe ija, yodutsa pamtengo wa a kabaza. Ulendo uno sanawerame. Mtima unali utasweka kale, panalibenso choteteza.

Palibe anaseka. Yemwe uja anakuwa tsiku lija anatsika panjinga, nayang'ana miyendo yotulukira kunja kwa chiguduli.

"Ndi mwanambwa uja, madala? Pepani. Ife tinkafunsana kuti chigalu chokongola chija chinapita kuti. Timayesa munachibwezera kumudzi."

Anawalandira wilibalayo nawakankhira mpaka kugombe. Kunali kamphepo kumeneko, ndi mchenga wautali woti galu akanathamanga mpaka kutopa. Kuchokera kunyumba sunali mtunda woti n'kutchula. A Geresomo anakhala pansi nalira ngati mmene analirira poika akazi awo, poti tsopano panalibenso wina wokumbuka nawo za ku Mlolo.

Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una. Chowawa pa nkhaniyi n'chakuti manyaziwo anali a Geresomo, koma ku unako kunafera mnzawo.