Diripi ya a Mphepo

A Mphepo a ku Chulu adali mlimi wa fodya wanthabwala, koma khutu lawo lidali lokongoletsera mutu chabe. Tsiku limene adalandira makuponi a feteleza adavina pabwalo mpaka nkhuku kubalalika. Gule ali mkati, mutu udawawaza ngati nkhwangwa, m'maso mudada bii, nagwa pafupi ndi chigafa. Akazi awo, a Feliya, adathamangira nawo kuboma, komwe adawatumiza kuchipatala chachikulu mumzinda poti magazi awo ankathamanga moopsa.

Kumeneko dokotala adawaika diripi ya mankhwala amphamvu. Posakhalitsa mutu udapepuka, nthabwala n'kubwerera.

"Mankhwala koma awa!" adatero a Mphepo. "Onjezani, mwanawe, ndikafike kumudzi mvula isanagwe."

Namwino, dzina lake Feggie, adapukusa mutu. "Ayi bambo, awa amalowa kadontho kadontho. Akafika m'thupi, magazi ndi minofu zimawaphwanya, ndiye mumatuluka poizoni yemwe uja wa m'chinangwa chowawa. Poizoniyo akamatuluka pang'onopang'ono, chiwindi chimamusukulutsa. Akachuluka, amapha."

"Chinthu chokoma chonchi n'kupha munthu?" adaseka a Mphepo.

Namwino atapita kwa wodwala wina, a Feliya ali kumpopi, mkuluyo adatambasula dzanja natsegula diripi ija kuti ithe msanga. Poyamba adaimba mluzu. Kenaka denga lidayamba kuzungulira, mpweya udayamba kuperewera, lilime lidalemera ngati mwala. A Feliya pobwera adapeza amuna awo ali wefuwefu, osawazindikira n'komwe. Adaponya chigubu pansi nakuwa. Dokotala ndi Feggie adafika chothamanga, adatseka diripi, nawabaya mankhwala opha mphamvu ya poizoniyo.

Dzuwa litapendeka, a Mphepo adatsegula maso. A Feliya adagwada, misozi ili mbwembwembwe, uku akuseka.

"Inu abambo ake Jane, mukadafa ndikadakumenyani!"

Wodi yonse idafa nalo phwete, ndipo mayi wina wodikirira wodwala adaimba nthungululu. A Mphepo adayang'ana namwino mwamanyazi.

"Mwanawe, manja angawa uwamange kubedi."

"Manja alibe mlandu, bambo, koma khutulo," adayankha Feggie.

A Mphepo adatuluka m'chipatala akuyenda okha, ali ndi mapiritsi m'thumba ndi nkhani yoseketsa nayo mudzi wonse. Aliyense wobwera kudzawazonda ankachoka atagwira nthiti, komanso atamva ndithu kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.